Tirauti ya pansi pa thanthwe

Chaka chimene Ruo anasefukira n'kukokolola munda wathu wa mapira, ndinali nditakhala pakhomo miyezi ingapo chilembereni mayeso a Sitandade 8. Dzina langa silinatuluke pa mndandanda wa opita ku sekondale. Bambo anali atamwalira kale, ndipo pakhomo tinalipo atatu: mayi, ine ndi mlongo wanga wamng'ono. Kwathu kwa Mlolo madzi akalowa m'minda sachoka msanga, ndipo akamaphwa amasiya mchenga pamene panali mbewu. Mwezi wa Febuluwale usanathe tinali titayamba kale kudya nyika, timizu ta maluwa a m'madzi tokumba m'dambo.

Kalata ya amalume inatipeza pa nthawi imeneyo. Iwo anali mlonda wa mtsinje pamwamba pa phiri la Mulanje. Ankalondera nsomba zotchedwa tirauti, zimene azungu anaika m'mitsinje yozizira ya kumeneko kalekale. Analemba kuti bondo lawakanika, ndipo nyengo yowedza ikatha akupuma. Abwana awo, mkulu wa gulu la anthu owedza tirauti, anali atavomera kudzandiona ngati ndingalowe m'malo mwawo. Panalinso mnyamata wina wa ku Mulanje komweko amene ankafuna malo omwewo. Pomaliza analemba kuti, bwera msanga ndikuphunzitse abwana asanakwere.

Mayi anandiperekeza pa siteshoni ya Makhanga. Anandisisita thumba la malaya kawiri kuti atsimikize kuti khadi ya chipani ilimo.

"Ukachite zonse zimene akukuuza," anatero. "Usakawachititse manyazi amalume ako. Ntchito imeneyi ikapezeka ndiye kuti tapulumuka. Famba mwadidi," anatsiriza m'Chisena chathu, kunditsazika kuti ndiyende bwino.

Sitima inakwera motsata Ruo pafupifupi tsiku lonse. Ndinatsikira ku Luchenza, n'kukwera basi, ndipo amalume ndinawapeza akundidikira m'munsi mwa phiri. M'mawa mwake tinakwera. Iwo ankatsimphina, koma amene ankapumira m'mwamba ndinali ine. Kwathu chokwera chachikulu ndi chulu.

Pamwamba panali udzu wokhawokha, mitengo ya mkungudza m'zigwa, ndi mphepo yolowa mpaka m'mafupa ngakhale dzuwa linali pamutu. Titafika pa mtsinje ndinaima kukamwa kuli yasa. Madzi ake ankaonetsa mwala uliwonse wa pansi. Ndinali ndisanaonepo mtsinje wopanda matope, wopanda bango, woti munthu n'kupondamo osayamba wayang'ana kaye ngati muli ng'ona.

"Ukudabwa?" anatero amalume. "Madzi awa amakathira mu Ruo. Ndi omwewa anadya mapira a mayi ako. Kuno akadali mwana, sanayambe kuba."

Tinali ndi sabata imodzi. Tsiku loyamba anandionetsa zipangizo. Ndodo yowedzera inali yaitali, yopepuka, yoonda kunsonga, ndipo kumunsi kwake kunali kagudumu kokulungira chingwe. Kumapeto kwa chingwe kunali kaulusi koonekera ngati madzi. Kenako anatsekula kabokosi ka chitsulo. Munali timbedza ting'onoting'ono, tokulungidwa ndi ulusi ndi nthenga za nkhanga ndi za tambala. Anati zimenezo ndi ntchentche.

"Nanga nyambo timaika pati?" ndinafunsa.

"Nyambo ndi imeneyo."

"Nsomba n'kudya nthenga? Ndiye kuti ndi yopusa."

"Tiona mawa kuti wopusa ndani."

Wopusa ndinali ine. Ndinakulira m'bwato la bambo, ndipo ndinkadziwa kuponya chavi, ukonde uja timaponya mozungulira. Chavi chimafuna thupi lonse, msana ndi chiuno. Ndodo ya tirauti sifuna zimenezo. Ndinkaikweza ndi mphamvu, chingwe n'kulira kumbuyo kwanga ngati chikwapu, ntchentche n'kuduka. Kawiri ndinakola mtengo. Kamodzi ndinakola chipewa cha amalume n'kuchiponya m'madzi.

"Iwe mwana wa mlongo wanga, ukupuntha mapira kapena ukuweta ng'ombe?" anakuwa uku akuvuula chipewacho ndi ndodo yawo yoyendera. "Bweretsa kope lakolo."

Ndinali nditatenga kope lotsala la kusukulu kuti ndizilembamo zimene andiuza. Anandipanitsa kopelo m'khwapa.

"Likagwa, lero sudya. Ponya ndi mkono wokha. Kweza, dikira chingwe chiwongoke kumbuyo, ndiye ubweze. Kudikirako ndiye ntchito."

Kopelo linagwa kambiri, koma ndinadya. Pofika tsiku lachinayi chingwe chinayamba kumvera. Chinkapita kumbuyo, n'kubwera, n'kudziyala pamadzi mwakachetechete, ntchentche n'kutera ngati kachilombo kotopa.

Madzulo aliwonse dzuwa lisanalowe ankandiuza malamulo a mtsinje, ine n'kumalemba. Wowedza aliyense aonetse chiphaso. Nyambo yamoyo ayi, kaya nyongolotsi kaya chiwala. Ukonde ayi. Mono ayi. Mkondo ayi. Katupe, mankhwala aja oledzeretsa nsomba, ayi, ndipo wopezeka naye apite kupolisi. Nsomba yosafika pa kamtengo koyezera ibwezedwe m'madzi. Lamulo lomalizali ndinawapempha kuti abwereze.

"Kubweza nsomba yoti wagwira kale?"

"Lemba."

Ndinalemba, koma mumtima silinakhazikike. Kwathu ngakhale kamphende konga chala kamalowa mumphika. Ndipo pa dooko pathu pali mwambo umene ndinaupeza ndipo sindinaufunsepo. Bwato likabwera lopanda kanthu, anzake amene apha amatapa nsomba ziwiri zitatu n'kuziponya m'bwatomo mwini wake akuyang'ana kwina. Salankhula, ndipo wolandira sathokoza, kuopa kuti pangaoneke manyazi. Mlendo ndiye sachoka pamadzi chimanjamanja zivute zitani. Bambo atamwalira, ife tinadya nsomba zotere kwa chaka chathunthu.

Tsiku lachisanu ndinagwira tirauti yanga yoyamba. Ntchentche inkayandama pafupi ndi mwala, madzi anangotupa pang'ono, ndipo ndodo inawerama. Nsombayo inadumpha kawiri. Nditaikokera m'kaukonde ka m'manja ndinaona kuti ili ndi timadontho takuda ndi mzere wofiirira m'mbali. Inali yaifupi kuposa kamtengo. Ndinanyowetsa manja monga anandiphunzitsira, ndinachotsa mbedza, ndinaigwira m'madzi mpaka inapuma bwino, kenako inachoka. Ndinatsala ndikuyang'ana manja anga.

"Usalire, ikakupatsira moni kwa Mlolo," anatero amalume. Koma ndinaona kuti akondwa.

Abwana anakwera Loweruka, n'kugona m'kanyumba ka alendo. Ndinawaona bwino m'mawa mwake. Anali mzungu wokalamba, wamtali, woonda, wa imvi mutu wonse, ndipo manja awo ankanjenjemera pang'ono. Anagwira ntchito m'minda ya tiyi zaka zambiri, motero Chichewa ankalankhula, ngakhale mawu ena ankawapotoza. Anapatsana moni ndi amalume ngati anthu odziwana kalekale, n'kufunsana za mabondo awo.

"Uyu ndiye Msena wanu uja?" anafunsa akundiyang'ana. "Sakufa ndi mphepo?"

"Akufa, bwana, koma pang'onopang'ono," anayankha amalume.

Ine ndinayang'ana pansi. Anandiuza kuti ndimange ntchentche ku kaulusi. Zala zinkaterera, koma mfundo inagwira. Anandiuza kuti ndinene malamulo, ndinawanena onse motsatana osaphonya. Kenako analoza tsamba limene linakodwa pa mwala tsidya lina, nati ndiponye pamenepo. Koyamba ndinapereweza. Kachiwiri ntchentche inatera pafupi ndi tsambalo.

"Chabwino ndithu," anatero. "Lero uyende nane, unyamule kaukonde ndi dengu. Madzulo tikambirana."

Amalume ananditsina pamkono podutsa. Mtima wanga unali kale pa siteshoni ya Makhanga, ndikuwauza mayi.

Tinadutsa maiwe atatu abwino, mmene ndinali nditaonamo nsomba sabata yonse, koma abwana sanaime. Anakaima pa dziwe lina la m'munsi mwa mathithi aang'ono, pamene thanthwe lakuda linalowa m'madzi tsidya linalo. Analowa m'madzi mpaka m'mawondo, n'kuima ngati kakowa, osagwedezeka. Patapita nthawi anayamba kuponya. Kuponya kotere ndinali ndisanakuone. Manja aja onjenjemera akagwira ndodo ankakhala bata, ndipo chingwe chinkayenda ngati chikudziwa chokha kopita.

Ulendo wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi, chinthu chachikulu chinatuluka pansi pa thanthwe. Chinakwera pang'onopang'ono mpaka mphuno yake inatsala pang'ono kukhudza ntchentche. Chinaima, chinayang'ana, n'kutembenuka kubwerera. Inali tirauti yotalika ngati mkono wanga kuyambira pa chigongono mpaka kunsonga za zala.

Abwana anaseka chapansipansi, n'kunena mawu ena m'Chingerezi akuyang'ana madziwo. Anasintha ntchentche. Nsomba inatulukanso, inayang'ananso, inakana. Anasinthanso. Dzuwa linakwera mpaka pamutu, ndipo ife tinali pa dziwe lomwelo, dengu lili lopanda kanthu. Ndinkaona miyendo yawo itayera ndi kuzizira, ndi mmene ankavutikira kulowetsa kaulusi pa diso la mbedza. Ndinkaganiza za phiri limene anakwera dzulo lake pa msinkhu wawo. Manyazi anandigwira ngati mtsinjewo ndi wanga kale ndipo ukumumana mlendo chakudya.

Masana anatuluka m'madzi, anadya buledi, n'kugona pa udzu chapatali pang'ono, chipewa chili kumaso. Amalume anatenga fulasiki n'kupita kukaphika tiyi ku kanyumba. Ndinatsala ndekha ndi dengu.

Ndinali nditaona pamene nsombayo inkalowa. Thanthwelo linali ndi mphako yaing'ono kumunsi kwa dziwe, pamene madzi ankalekeza m'chiuno. Kwathu madzi akamaphwa m'madambo milamba imabisala m'mphako za m'gombe, ndipo ana timaitulutsa ndi manja. Pa anzanga onse ine ndinkadziwika nazo. Koma sindinathamangire. Ndinatulutsa kope, ndinawerenga malamulo kuyambira loyamba mpaka lomaliza, n'kubwerezanso. Nyambo, ukonde, mono, mkondo, katupe. Za manja munalibemo. Ndinayezanso m'maganizo ndi kamtengo kaja, n'kuona kuti nsombayo inali yopitirira kutalitali.

Ndinavula malaya n'kulowa. Madzi analuma ngati moto. Ndinayenda pang'onopang'ono kuchokera kumunsi, osakweza mapazi, mpaka tsaya langa linagunda thanthwe. Ndinalowetsa manja onse awiri m'mphako. Poyamba ndinangokhudza ndere. Kenako ndinamva mchira ukugwedezeka. Ndinasiya zala pomwepo kuti nsombayo izizolowere, ndiye n'kumazisuntha pang'onopang'ono pansi pa mimba, ndikuisisita, mpaka ndinafika pa makha, mopumira mwake. Apo ndinafinya ndi mphamvu zanga zonse. Inandimenya pachifuwa ndi mchira, koma sindinaitaye. Pa gombe ndinaimenyetsa mutu pa mwala kamodzi kuti isavutike.

Ndinayala udzu wonyowa m'dengu, ndinaigoneka bwinobwino, ndinatseka. Ndinavala malaya n'kukhala pa dzuwa, mano akugundana. Sindinaganize zouza munthu. Ndinkangodikira kuti abwana akadzanyamula dengu lawo adzalipeze lolemera, ine ndikuyang'ana kwina.

Amalume anabwera ndi tiyi, abwana anadzuka, anamwa, n'kulowanso m'madzi. Anaponya kwa nthawi yaitali. Palibe chimene chinatuluka pansi pa thanthwe. Anasintha ntchentche kawiri, anaima, anakanda m'mutu. Ndinkayembekeza kuti atopa, koma iwo ankaoneka ngati munthu amene wagogoda pakhomo la mnzake ndipo sakuyankhidwa.

Anatuluka kudzatenga kabokosi kena ka ntchentche, kamene kanali m'thumba la dengu. Atalikweza dengulo anaima. Analiika pansi, anatsekula. Kenako anagwada movutikira, anaitulutsa nsombayo ndi manja awiri, anaitsekula kukamwa, anayang'ana, n'kuitembenuza.

"Ndani?" anafunsa, osakweza mawu.

Amalume anayang'ana kabudula wanga wonyowa, n'kugwira pakamwa.

"Ndine, bwana."

"Ndi ntchentche iti? M'kamwa mulibe bala."

"Ndi manja, bwana."

"Manja." Anayang'ana thanthwe lija, n'kundiyang'ananso. "Chifukwa chiyani?"

"Kuti musatsike chimanjamanja, bwana. Mwavutika kuyambira m'mawa."

Anandikodola kuti ndiyandikire, n'kundionetsa chipsepse chaching'ono cha pamsana pafupi ndi mchira. Chinali chodulidwa kunsonga, bala lakale lopola.

"Ndinadula ndine," anatero. "Ndinaigwira ili chonchi." Anatambasula chikhatho. "Ndinaibweza. Chaka chinacho ndinaigwiranso, ndinaibwezanso. Kuyambira pamenepo inachenjera. Chaka chatha inandikana masiku atatu. Ndikakwera phiri lino ndimabwera kwa iyeyu."

Ndinangogwada pomwepo, manja ali kumbuyo ngati pamaso pa aphunzitsi. Abwana anathira tiyi wotsala m'chivindikiro cha fulasiki n'kundipatsa.

"Imwa. Milomo yako yada ndi mphepo. Dzuka, usagwade."

Anaitanira amalume pambali. Analankhula m'Chingerezi, motsitsa mawu. Ndinkaona amalume atavula chipewa, akuchipinda m'manja, akulankhula nthawi yaitali kuposa mmene ndinawamvapo akulankhula. Abwana ankagwedeza mutu movomera, koma pomaliza anawagwira paphewa n'kupukusa mutu. Anamasula ndodo yawo, anaiika m'thumba lake, anatenga dengu lopanda kanthu. Nsomba anaisiya pa udzu. Podutsa pamene ndinaima anati, "Upite bwino, mnyamata," ndipo anatsika tsiku lomwelo.

Amalume ananyamula nsombayo, ine ndili pambuyo. Tinayenda mpaka pakati pa njira. Pamenepo anatembenuka.

"Sabata yonse ukulembalemba! Unkalemba chiyani m'kope lakolo? Nyimbo?"

"Ndinayang'anamo, amalume. Kawiri. Za manja simunandiuze."

Anandiyang'ana ngati andimenya ndi nsombayo. Kenako anakhala pa mwala n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka misozi, akumenya bondo lawo labwino. Kusekako kunatha mwadzidzidzi.

"Zoona," anatero. "Sindinakuuze. Zaka makumi awiri ndili kuno, ndinaiwala kuti kwathu kuli anthu ogwira nsomba ndi manja. Ndinaiwalanso kukuuza za nsomba yawoyi. Ndinkayesa aliyense akuona."

"Ndiye akuti bwanji?"

"Akuti atenga mnyamata winayo."

Ndinkadziwa kale.

"Ndawachonderera," anapitiriza. "Ndawauza za munda, za mayi ako, za mwambo wa pa dooko. Akuti akumvetsa, ndipo sakukwiyira. Akuti ndiwe mwana wabwino, ndipo manja otere sanawaonepo. Koma akuti mlonda womvera chisoni dengu lopanda kanthu, mtsinje utha. Lero wachitira iwo, mawa uchitira wina wokulirira njala. Ndinafuna kuwatsutsa, koma ndinakuyang'ana n'kuona kuti sakunama."

Inenso sindikanatha kulumbira kuti abwana akunama.

Titafika ku kanyumba amalume anaing'amba nsombayo chakumsana monga timachitira kwathu, anaithira mchere, n'kuiwamba pa moto wa nkhuni. Mnofu wake unali wofiirira. Anaikulunga m'pepala n'kundipatsa yonse.

"Ukawapatse mayi ako. Zaka zonsezi sindinawatumizirepo ngakhale imodzi. Wina akakufunsa panjira, unene kuti anakusiyira ndi abwana, chifukwa ndi zoona."

M'mawa mwake anandiperekeza mpaka pamene njira imayamba kutsetsereka. Bondo silinawalole kupitirira. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, nati mlandu tigawane pakati, ndisausenze ndekha.

Mayi ndinawapeza kudimba, akubzala mbatata pamene madzi anali ataphwa. Atandiona ndi kathumba kanga anaweramuka, anayang'ana nkhope yanga, ndipo sanafunse. Ndinakhala pa mzere n'kuwafotokozera zonse, kuyambira pa ntchentche za nthenga mpaka pa chipsepse chodulidwa. Anamvetsera khasu lili m'manja. Nditamaliza anamasula pepala lija, anaiyang'ana nsombayo mbali zonse, anainunkhiza.

"Ndiye mkuluyo nsombayi ankaifuna kapena sankaifuna?"

"Ankaifuna, mayi. Koma ankaifuna ili m'madzi."

Anapukusa mutu, anaikulunganso bwinobwino, n'kuiika pamthunzi. Sanandikalipire tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse. Anangondipatsa mtolo wa mbewu ya mbatata, nati ndiyambire mzere wa kumapeto.

Patatha milungu itatu tinamva kuti ku Nchalo ayamba kulemba anthu odula nzimbe. Ndinawoloka Shire pa Chiromo, n'kuyenda wapansi kuchokera ku Bangula. Pa geti ndinapezapo anthu ambiri, ena ochokera kutali kumpoto, ndipo tinaima pamzere masiku awiri. Tsiku lachitatu kapitawo anandiuza kuti nditambasule manja. Anawayang'ana, anawafinya, n'kundipatsa chikwanje.